Lachinayi, Magetsi Asanathime

Nkhani khumi ndi imodzi zili pakhoma,
iliyonse pakapepala kake kachikasu,
koma podikasiti yathu ndi ya mphindi makumi anayi basi.
Anesu wafika mochedwa. Akuti kombi ya ku Copacabana
inaima panjira kudikira mayi wogula mazira.
Waveka maikolofoni sokosi, monga mwa masiku onse,
kuti mpweya wathu usamaphulike m'makutu mwa anthu.

Wayamba ndi yake:
woimba wa mano agolide uja wagula galimoto yachitatu
pomwe mwini nyumba ku Avondale akumusaka usana ndi usiku.
Taseka. Imeneyo ilowe, siipha munthu.
Ya mtsikana wovina pamwamba pa thanki ku Budiriro ilowenso,
Harare yense waonera, ngakhale abusa.
Ya oulutsa mawu awiri otukwanizana
tinaitafuna kale sabata yatha,
yatsala makoko ngati nzimbe ya dzulo.
Ndaimatula. Yagwera kuseri kwa firiji.

Kenaka wandipatsa foni.
Mkazi wa woimba wina akulira pageti,
nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja,
wojambula wabisala kuseri kwa mpanda, akupuma mokondwa.
Nyama ndi imeneyi, akutero Anesu,
zinazi ndi msuzi chabe.

Ine nkhopeyi ndikuidziwa.
Tinkakhala benchi imodzi ku Mufakose,
ndipo tsiku lomwe anyamata anandizinga
n'kumaimba kuti mubhurandaya, bwerera kwanu,
ndi iyeyu anawagenda ndi mango osapsa
n'kundigawira theka la bazi lake.
Zimenezi sindikumuuza Anesu.
Ndangoti mawu ake sakumveka bwino, mphepo yachuluka.
Wandiyang'ana nthawi yaitali.
Mawu akumveka bwinobwino, tonse tikudziwa.

Kapepala kanga kali pansi penipeni, pafupi ndi soketi.
Che Likongwe a ku Mbare amwalira Lolemba.
Zaka makumi atatu akukhwatcha gitala ya besi
kumbuyo kwa anthu ovala zonyezimira,
dzina lawo osalembedwa pa kaseti ngakhale imodzi.
Anabwera pa sitima ali mnyamata, kwawo ku Dedza sanapondeko.
Ndani angadine pamenepo? wafunsa Anesu.
Amayi anga, ndatero.
Amayi ako ndi munthu mmodzi,
ndiponso amamvera pa foni yako.

Sakunama.
Manambala ndimawaona inenso pakati pa usiku,
momwe amakwerera tikatchula chisudzulo,
momwe amagwera tikatchula maliro a munthu wosauka.
Ndipo mayi wa saluni ya pa Mbuya Nehanda
salipira malonda kuti anthu asinze.

Kunja jakaranda wathothokera pa galimoto ya aneba.
Kwatsala ola limodzi kuti magetsi apite.
Takangana, tamwa tiyi wozizira, takangananso,
mpaka tagwirizana ngati ogula ndi ogulitsa pa Mupedzanhamo,
aliyense akudziona woberedwa:
galimoto poyamba, thanki pakati,
diresi lomwe linang'ambika pa siteji litseke dzenje,
Che Likongwe mphindi zitatu kumapeto,
malonda a saluni akatha, ambiri atatseka kale.

Nanga ya pageti?
Ena aikamba usiku uno womwe, akutero Anesu,
ndipo mawa adzatiposa ndi zikwi.
Aikambe, ndatero.
Ndamatula kapepalako, ndakapinda kanayi,
ndakaika m'thumba la jini.

Kanyali kofiira kayaka.
Ndamva pakamwa panga pakuseka
kuseka kuja anthu amati amakukonda,
ndipo pa mphindi zitatu zomaliza Anesu sanandidule,
wangogogoda tebulo ndi chala, pang'onopang'ono, ngati besi.

M'mawa mu kombi, pofuna ndalama ya kondakitala,
dzanja latulutsa kapepala kachikasu.
Mnyamata wa pambali panga akuonera kanema yemwe uja
mopanda zomvera m'makutu.
Ndakabwezera m'thumba.
Chenji sanandipatse.