Nampeni wa Nyumba ya Kuseri

Anafika mu Juni, chifunga chitameza phiri la Dedza mpaka m'khosi,
atavala timasilipasi toyendera pamchenga,
zala zakumapazi zitafiira ngati tomato wa ku Bembeke.
Ndinamubwereka juzi ya malemu amuna anga
ndi mbaula yothyoka mwendo.
Dzina anati Wanipeni, kapena lofanana nalo.
Lilime langa linapunthwa kawiri,
kachitatu ndinangoti Nampeni,
ndipo linamukanirira ngati chisoso pachitenje
mpaka kuchipatala kumene amayeza magazi.

Kwawo ku Thailandi, akuti, ndi katauni kogona masana,
madzi ake amchere,
nkhanu zimadutsa msewu osaopa njinga,
mpunga m'mawa, mpunga usiku, mpunga podwala.
Ine ndinamuwiritsira kachewere.
Anadya mwaulemu,
monga munthu akumwa kwinini adokotala akumuyang'ana.

Loweruka tinakwera minibasi ya ku Lizulu.
Kabichi anamununkhiza, karoti anamununkhiza,
anyezi, zitheba, ngakhale thumba lenilenilo.
Kenaka anaima pa kamulu ka kambuzi,
natola mmodzi, namutafuna wamuwisi.
Anyamata a chiwaya anasiya kutembenuza tchipisi
kudikira kuti alire.
Analiradi.
Koma madzi sanapemphe.
Anangoloza kambuziyo nati, m'Chichewa chake chotsimphina,
"Uyu m'bale wanga."

Mavuto anayamba ndi chidebe.
Usipa wauwisi wokwera ndi anyamata a ku Golomoti,
mchere mapaketi asanu ndi limodzi,
mwala pamwamba, chivindikiro, basi,
nachiika kuseri kwa khitchini ngati maliro obisa.
Pofika Okutobala ntchentche zinachititsa msonkhano.
A Kadammanja anasuzumira pampanda
kufunsa ngati galu wathu akadali moyo.
Usiku wina ndinalemba kalata yokweza lendi,
ndinaipinda, ndinayatsira moto m'mawa.

Mvula itabwera n'kupita, anasefa.
Timadzi tofiira ngati tiyi wopanda mkaka.
Anadontheza katatu pa nkhwani wanga wotendera
osapempha chilolezo.
Ndinakwiya ndi nkhope.
Atatuluka ndinakombeza mbale ndi chala,
chitseko nditatseka.

Naye ndinamuphunzitsa zanga:
kuti bowa sagula kwa munthu wosamudziwa dzina,
kuti masuku okoma ndi otola pansi,
kuti thobwa la dzulo lili ndi mano,
kuti chigumu chikapsereza m'mphepete ndiye chapsa.
Ngumbi anaziwola yekha ndi beseni pansi pa getsi,
akuseka, akuti kwawonso amakazinga.
Mbewa yokha anaiyang'ana m'mano nthawi yaitali
nati, "Mawa."
Mawa limenelo likadali panjira.

Mtondo wanga unazolowera zachilendo:
papaya wosapsa, mandimu, adyo, mtedza, shuga pang'ono,
zonse pamodzi ngati anthu a m'minibasi.
Munsi ukagunda madzulo
ana a m'mudzi wa Kapalamula amabwera ndi zikhatho,
amathawa akupemerera malilime,
amabweranso.

Lamulungu lina anaimbira amayi ake,
nandiika foni pakhutu: "Mverani nyanja."
Ndinamva kupuma kwa chinthu chachikulu chosatopa.
Ndinati, awa ndi mapaini a ku Chongoni mphepo ikamawomba.
Anagwedeza mutu.
Anati n'chifukwa chake amagona zenera lili lotsekula
ngakhale chisanu chikulowa m'mafupa.

Ntchito yake inatha mu Ogasiti.
Juzi ija anabweza itachapidwa, ikununkhira adyo.
M'chikwama anatenga ufa wa mtedza, kambuzi wouma,
ndi chitenje chokhala ndi nkhuku zobiriwira.
Chidebe anandisiyira,
pachivindikiro atalemba masiku ndi makala.

Nyumba ya kuseri alowamo aphunzitsi a masamu,
odya soya ndi mazira.
Ine ndaonjezera usipa, ndaonjezera mchere,
mwala ndi womwewo.
Dzulo a Kadammanja anasuzumiranso pampanda,
mphuno atatseka ndi dzanja limodzi,
linalo litanyamula kabotolo kopanda kanthu.