Kulemera kwa Madzi

Ndaziona, watsitsanso chigubu chimodzi.
Ndakuona ndili pansi pa phiko,
sipanala ili kukamwa.
Ukuti malita asanu ndi makilo asanu,
ndipo makilo asanuwo ndi mafuta,
kapena chikwama cha mlendo
wopita ku Kariba kukajambula njovu.

Ukuti kachipangizo kali kumchira
kamalira kokha ndege ikamenya pansi,
kamadzutsa setilaiti, setilaiti n'kudzutsa Harare,
dzuwa lisanalowe afika.
Ndinakamanga ndine kachipangizoko,
batire lake ndikudziwa tsiku lomwe lidzafe.
Ndikudziwanso kuti mlongoti umathyoka
ndege ikagona chagada.

M'kalasi pano pa Charles Prince
anakuuzani masiku atatu.
Munalemba m'kope, mayeso munakhoza.
Papepala atatu amakhala bwino:
loyamba la mantha,
lachiwiri lotchera khutu kumwamba,
lachitatu logwirana chanza.
Koma utsi wa Okutobala sunalowe nawo m'kalasimo,
ndipo helikopita nayo imadikira mafuta,
imadikira siginecha
ya munthu amene wapita kumaliro ku Mutoko.

Gwenzi anakhala asanu ndi limodzi.
Iwe unali usanamere mano.
Anagwera kuchigwa, m'nkhalango ya tsanya yopanda tsamba,
mwendo utathyoka, wailesi ili zii.
Anandiuza mwini wake pabenchi yomweyi:
tsiku loyamba anamwa ngati ali pampopi,
anasukusulanso kumaso,
poti madzulo akubwera.
Lachitatu ankanyambita chivindikiro.
Lachinayi ndege inadutsa pamutu penipeni,
iye akukupiza malaya a khaki
panthaka ya khaki.
Chinam'pulumutsa ndi kagalasi ka mkazi wake
koiwalika m'thumba la mpando.
Mpaka imfa yake munthu uja
sankadutsa mpopi wodontha osaukunga.

Mkaziyo ankabwera m'mawa uliwonse,
makombi awiri kuchokera ku Mufakose,
n'kukhala pamwala uwo pafupi ndi geti.
Tinkam'patsa tiyi, tiyi n'kuzizira.
Iye palibe anam'phunzitsa
kuti akonzekere masiku angati.

Ndiwe mwana wa ku Dzivarasekwa, Ndaziona,
usandichititse manyazi.
Akhonsolo akanena kuti madzi abwera mawa,
mayi ako amatunga a tsiku limodzi?
Amadzaza mbiya, ndowa, bafa,
ngakhale botolo lomwe munali mafuta ophikira.
Si kuti amayesa anthuwo abodza ayi.
Amangodziwa kuti mawa ali ndi miyendo yaifupi.
Nzeru imene ili m'khitchini mwanu
ukuisiya bwanji pansi, iwe n'kukwera kumwamba?

Wandifunsa nambala.
Tenga atatu a m'bukuwo,
uwonjezere lomwe adzakufunire kolakwika,
lina lomwe mphepo idzawabweze,
ndi lina lopanda chifukwa,
poti limakhalapo ndithu lopanda chifukwa.
Ukawerenge madziwo usanamve ludzu.
Masana ubisale pansi pa phiko,
usiyane nazo zoyenda wapansi kufuna msewu:
ndege imaoneka patali, munthu ndi nyerere.
Machesi ndakulunga m'pulasitiki.
Wenzulo ivale m'khosi, isakhale m'chikwama,
chikwama chimatha kupsa.
Mtedza uwu wakazinga mkazi wanga,
wathira mchere pang'ono dala.

Mlendo wako wayamba kuyang'ana wotchi.
Muuze asiye nsapato zinazo,
njovu sizidzaona.

Ndabwezeramo chigubu chija,
ndachimanga kuseri kwa mpando, mfundo ziwiri.
Kalembe kulemera kwake papepala lako,
undikwiyire uli m'mwamba.
Lachisanu ukatera nacho chili chodzaza,
udzandiseke pamaso pa anyamata onse,
sindidzayankha.
Ndidzachinyamula kupita nacho kuseri kwa shedi
kumene ndinabzala mapapaya awiri,
limodzi likufota.