Lamba wa pa Salaula

Wabwera ndi lamba wakuda, Lekani,
wogula pa salaula ku Kapata,
mtengo wake wa mabanzi asanu.
Vula. Ukamangire katundu panjinga.

Ine ndinayambira m'kalasi ku Mchini,
madesiki titakankhira kukhoma,
simenti yong'aluka ikudya zidendene.
Miyezi inayi mai Tikambenji
osandiphunzitsa kumenya.
Kuima basi. Kugwa. Kudzukanso.
Mumtima ndinkati akundidyera ndalama.

Ukufuna kuswa njerwa?
Njerwa sinakulakwire,
mwini wake akufuna kumangira nyumba.
Yamba wathamanga, ukwere Kanjala mbandakucha.
Mpweya ukakuthera pakati pa phiri
m'pamene phunziro layamba.

Chala chokhotachi uchione bwino.
Ndinachithyolera pa bala ku Navutika
pansagwada za munthu wongondiponda phazi.
Iye anachira pa sabata imodzi.
Ine, zaka khumi ndi ziwiri,
batani la shati limandivutabe.

Ndiye akakutukwana pa siteshoni,
manja m'thumba, uzipita.
Adzati wamantha. Asiye anene.

Loweruka ubwere ndi madzi m'botolo.
Uwenge zikhadabo.
Tsache lili kuseri kwa chitseko,
woyamba kufika ndiye amasesa.