Lipenga Lomeza Mawu

Batire lidafa Lamulungu madzulo,
sitolo za ku Todmorden zitatseka,
mvula ikuwaza ngati yosafuna kugwa.
Bambo Threlfall adazula kamakina m'khutu,
nakaika m'kambale pamodzi ndi mapiritsi,
nandilozera kabati ya pansi pa masitepe.

Ndidalipeza litakulungidwa m'sokosi yaubweya:
lipenga lamkuwa, lalitali ngati mkono wa mwana,
kukamwa kotambalala, kopindika mbali imodzi,
kumchira kafupa koyera, kodyeka ndi khutu.
Lipenga losaimba. Ntchito yake kumeza.

"La amayi!" adakuwa motero, poti gonthi sadziwa muyeso wa mawu ake.
Amayiwo, a Hesta, adalowa m'fakitale ya thonje
mano ena asanamere,
makina oluka nsalu mazana anayi akulalata m'chipinda chimodzi.
Pofika tsiku la ukwati makutu anali atatha
ngati chidendene cha nsapato.
Miseche ya tauni yonse ankaitola pamilomo ya anzawo
kutsidya kwa ulusi, osamva liwu ndi limodzi lomwe.
Lipengali adagula ndi malipiro a milungu itatu
kuti mwana akalira usiku azimumva.
Mwanayo ndi uyu,
wazaka makumi asanu ndi anayi,
amene ndikumupukuta supu pachibwano.

Akuti mwamuna akabwera ataledzera
a Hesta ankangolitsitsa, kuligoneka pamwendo.
Mlandu watha.

Zaka ziwiri ndakhala Tina m'nyumba muno.
Tina, tiyi. Tina, zenera.
Ndidatopa nako kukonza.

Adalowetsa kafupa kaja m'khutu,
nandilozetsa kukamwa kwa lipenga.
"Nena kanthu."
Ndidawerama. Munkanunkha malasha akalekale.
Ndikadanena za mvula. Ndikadanena za mapiritsi.
Ndidati: Tinenenji,
pang'onopang'ono, ngati wolowetsa ulusi pasingano.

Adatsinzina.
Dzina lidayenda mumdima wa mkuwa,
njira yomwe idapitamo misozi yawo ya ukhanda.
"Ti-ne-ne-nji."
Lilime lidapunthwa kawiri, koma lidafika.
"Ndiye kuti chiyani?"

Ndi funso, ndidatero m'lipengamo.
Amayi anga adalifunsa
atakwirira ana awiri ine ndisanabadwe.

Sadayankhe. Mkono unkanjenjemera,
koma lipenga sadalitsitse.

Lolemba ndidagula batire,
ndipo pofika masana ndinali Tina ngati kale.
Koma sokosi ija ili yokha m'kabati.
Lipenga lili pawindo,
layasamira msewu, likumvera mabasi.