Mabuleki a Fanuwelo

Ku galaja ya ku Booysens anati marandi chikwi ndi mazana awiri.
Ndinaseka, iwo sanaseke.
Ndinaikankha kubwerera nayo ku Turffontein,
gudumu lakutsogolo likulira njira yonse
ngati chitseko chosathira mafuta.

Njinga yamotoyi ndi ya Fanuwelo.
Anaisiya kuseri kwa chipinda changa
Lachinayi lija anamugwira akutsika takisi,
chikalata chake chitatha miyezi iwiri.
Mvula ya zaka ziwiri yaigwera, ndi matalala omwe.
Pa foni amangoti,
"Achimwene, iyendetseni, theka muzinditumizira."

Ndayala katoni pa simenti.
Mabawuti a kalipa ndi awiri:
loyamba latuluka mwaulemu,
lachiwiri lafuna mafuta, nyundo,
ndi khungu la chala changa.
Mkati muli dzimbiri lofiira ngati msewu wa ku Thekerani,
ndi ufa woyera wonga chuku cha pa buledi.
Pisitoni yakana.
Yamera mizu.

Kwa Mayi Radebe, eni mpanda, ndabwereka mpope wa matayala.
Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi,
"Mafuta asadonthere pa simenti yanga."
Ndakulunga chitsulo m'malaya akale, kathabwa pakati.
Ndapopa, zii.
Ndapopanso mpaka thukuta m'maso,
kenako phuu!
Kathabwa uko, pisitoni uko,
yagubuduka kukabisala pansi pa beseni la zochapa,
galu wawo wathawira kukhitchini.

Tsopano ntchito ya nyerere.
Mswachi wakale, viniga wa tchipisi,
sandipepa wosalala ngati tsaya la khanda.
Osakanda. Ukakanda, idzadontha
tsiku limene sukuyembekeza.
Ngalande yogonamo mphira
ndikuitokosa ndi kamtengo ka machesi,
ndathyola tisanu ndi tiwiri.
Magetsi athima sikisi koloko, monga mwa ndandanda yawo.
Ndaluma foni, tochi ikuwala,
malovu akutsikira kuchibwano.

Mphira zatsopano ndinagula ku Mayfair,
tinthu tiwiri takuda tonga zibangili za mwana,
mtengo wake chakudya cha masiku atatu.
Ndazinyika m'mafuta a buleki, ndazigoneka.
Pisitoni ija inakana nyundo
yalowa ndi zala ziwiri zokha,
phee, ngati mbale pa shelefu yake.

Kuchotsa mpweya sikutheka wekha.
"Tayanjana, siya homuweki, bwera."
Manja ake safika bwino pa chogwirira,
akugwira ndi onse awiri, lilime panja.
"Finya katatu. Gwira. Usasiye."
Akuwerenga m'Chizulu cha kusukulu,
kunye, kubili, kuthathu,
ine ndili chogwada, sipanala m'manja,
kuyang'ana thovu likukwawa m'kapaipi
kupita m'botolo la mayonezi.
"Adadi, mpweyawo unalowa bwanji?"
"Umalowa wokha, chinthu chikakhalitsa."
"Ngati a Fanuwelo?"
Sindinamve bwino chimene amatanthauza.
Ndinati finyanso.

Kachisanu ndi chitatu wafuula:
"Chalimba! Chikukana!"
Ndagwira ndekha. Chalimbadi,
ngati dzanja la munthu wokukhulupirira.

M'mawa, chisanu chikuluma makutu,
ndatsika nayo mtunda wopita ku Rosettenville,
bokosi lopanda kanthu likugogoda kumsana.
Takisi yoyera yaima pakati pa msewu, osachenjeza,
kuti itole mayi wa ambulera.
Zala zafinya zokha.
Mphuno ya njinga yagwada.
Pakati pa tayala langa ndi bampala yake
pangatheke kudutsa nkhuku, yowonda.

Ndaima pambali, maondo akunjenjemera,
ndamuimbira.
Kumbuyo kwake kukumveka chigayo ndi ana.
"Yadzuka? Ikuthamanga?"
Ndati, "Ikuima."
Wakhala chete, kenako waseka mpaka kutsokomola,
mayunitsi atha.

Pobwerera ndagula sopo waufa.
Pa simenti ya Mayi Radebe
pali banga lalikulu ngati chikhatho.