Thanthwe Silinasaine

Tinapangana titaimirira, dzuwa lili paliwombo,
ku Epworth, kuseri kwa miyala yoberekana ija:
madola mazana atatu, zipinda zinayi,
kuya kwake kolekeza m'chiuno mwanga.
Mayi Chemedzai analemba pa chipepala cha simenti,
ine ndinasaina, Lufeyo anadinda chala.
Nthaka inangoti duu, kutimvetsera.

Lolemba piki inkalowa ngati mpeni m'papaya.
Lachinayi, pakona ya chipinda chogona,
inalira kuti ngwee! n'kundinjenjemeretsa mpaka m'mano.
Tinapalasa ndi manja.
Msana wotuwa, wotambalala,
utagona ndendende pomwe pulani ikuti khoma.

Ndinajambula pafoni n'kutumiza ku Joni
komwe mayiwo amasambitsa nkhalamba za eni.
Yankho linafika usiku, mawu olema:
"Munati maziko. Simunati maziko a pofewa."
Zoona, sindinatero.
Koma thukuta lomwe ndinagulitsa linali la sabata ziwiri,
la mwezi ayi.

Wa kompresa ku Msasa akufuna theka la ndalama yonse,
dizilo akhalenso wathu.
Wogulitsa poloti, foni yake sikupezeka.
Mlamu wawo, wobwera Loweruka lokha,
anagogoda mwalawo ndi nsapato yosongoka
nati, "Inu a ku Malawi mankhwala ake mumawadziwa."
Ndinaseka.
Bambo anga anaswa miyala mumgodi zaka makumi atatu,
ndipo chomwe anatulukamo nacho n'chifuwa.

Ndiye tinatola matayala akutha ku Mbare,
tinasonkha moto pamsana pake usiku wonse,
m'mamawa n'kukhuthulira madzi ogula pachitsime cha eni.
Linang'aluka pang'ono chabe,
ngati mlomo wa munthu wokunyogodola.
Masiku asanu ndi anayi tikulisenda ndi hamala,
maso ali psuu, malovu akuda bii.

Walipira ndani?
Mayi Chemedzai anatumiza madola makumi asanu,
akuti zinali za mawindo,
ndipo ndinamva kuti akulira asanadule foni.
Lufeyo wapereka chikhadabo cha chala chomwe anadinda chija.
Mwana wanga Esinala wakhala pakhomo sabata yathunthu
fizi ikudikira mwala.
Mayi wa nyumba yoyandikana wachapa kawiri matewera
chifukwa cha mwaye wathu,
ndipo iye sanapangane ndi aliyense.

Lero ngalande yawongoka, chingwe chadutsa.
Pambali pali mulu wa miyala yoswaswa,
wilibala makumi awiri mwina,
yabwino zedi pa konkire.
Munthu wa lole waima kale kawiri kufunsa mtengo.

Madzulo foni yalira.
"Miyalayo musagulitse, bambo Chikadza,
yatuluka pa poloti yanga."
Ndakhala pamwamba pa muluwo, ukadali wofunda,
ndikutembenuza chipepala cha simenti chija.
Lili lathunthu, thanthwe linali langa.
Laphwanyika, lapeza mwini wake.