Nyanga Zinayi pa Msana wa Bambo

Lachiwiri, nkhungu isanatsike m'phiri,
bambo analephera kudzuka.
Zaka makumi atatu akusenza matabwa
kuchokera ku Chawe mpaka ku Chinamwali,
msana unangoti lero basi.

Ndinawapatsa mapiritsi a kuntchito kwanga.
Anameza awiri, kungondisangalatsa,
kenaka anati, Undiperekeze ku Songani
kwa Che Likaka, akandilumike.

Ine, wotenga magazi a anthu tsiku ndi tsiku
pa chipatala chachikulu,
wowathira m'timabotolo n'kumata dzina ndi nambala,
ndinakwera nawo minibasi ndili duu,
lezala latsopano m'thumba la malaya,
ndagula ndekha pa okala.

Che Likaka tinawapeza akumata chubu cha njinga.
Anasamba m'manja mpaka m'zigongono,
anayang'ana lezala, anayang'ana ine.
Mwachita bwino, mwana wa kuchipatala.
Langa lilipo, losatsegulanso,
koma titemere lanuli kuti mtima ukhale pansi.

Bambo anagona chafufumimba pamkeka.
Ndinali ndisanauonepo msana wawo wonse masana:
phewa lamanja lotsikirapo,
khungu lokhakhala ngati chidendene
pamene thabwa limatsamira,
zipsera zomwe sanatiuzepo kunyumba.

Chala cha mkuluyo chinayenda pang'onopang'ono
ngati chofufuza mbatata mumzere.
Apa?
Ayi.
Apa?
Bambo anabuula.

Timphini titatu, tosazama.
Nyanga yosalala ndi manja a zaka zambiri
inavundikira pamwamba pake.
Anayamwa kunsonga, masaya kulowa m'kati,
lilime n'kukankhira phula pakabowo.
Ina. Inanso.
Nyanga zinayi zinaima njo pa msana wa bambo anga,
khungu likukwera kuzitsatira.

Panja wina anakuwa, Njinga yanga ija bwanji?
Dikirani, ndili ndi munthu!

Anacheza, wina nkhope ili pamkeka,
za matemba a ku Kachulu amene achepa chaka chino,
za feteleza,
za mnzawo wa bawo amene anamuika mwezi watha
mvula ikugwa.
Bambo anaseka, nyanga zonse zinayi n'kugwedera.

Atazizula, pho!
magazi akuda, oundana ngati chiwindi,
anagwera m'phale.
Amakulumani ndi amenewa, anatero Che Likaka.

Ine ndikudziwa kuti magazi akatuluka amaundana,
a wodwala, a wamoyo, anga omwe.
Mawuwo anafika pammero.
Ndinaona zala za bambo zitatambasuka pamkeka,
zala zomwe ndi kutulo komwe zimakhala zofumbata,
ndipo ndinawameza.

Anakawakwirira kuseri, patsinde pa nthochi,
opanda dzina, opanda nambala.

Ndinatulutsa thonje ndi sipiriti,
ndinapukuta mabala ndekha, mphini ndi mphini.
Che Likaka sanaletse.
Anangopempha kuti kabotoloko ndikasiye.

Usiku bambo analiza mkonono mpaka tambala wachiwiri.
Amene anachezera ndine.
Kodi ndi nyanga?
Kodi ndi mapiritsi aja, ochedwa kugwira?
Kapena n'chakuti kwa ola lathunthu
munthu wosenza anagona pansi dzuwa likuswa mtengo,
wina n'kumufunsa kuti apa, n'kudikira yankho?

Kuntchito ine ndimati pindani malaya,
fumbatani, musagwedezeke,
wotsatira!

Loweruka anakweranso phiri.
Ndinawaletsa, anandiyankha ndi msana.
Ndinauona ukuchepa m'njira ya pakati pa mapaini,
mawanga anayi ozungulira ali pansi pa malaya,
ululu sindikudziwa ngati unatsala ku Songani
kapena unangokwera nawo mwakachetechete.

Lolemba, mzere unafika mpaka pakhonde.
Mayi wina wa ku Jali anandipatsa mkono,
wowonda, mitsempha yobisala,
maso atayang'ana kukhoma.
Singano ndinayamba ndaiika pambali.
Ndinayendetsa chala pakhungu lawo.
Apa? ndinafunsa.

Anatembenuka kundiyang'ana,
ngati ndawaitana ndi dzina la paubwana.